Nthaka ikagwedezeka, mlandu umagwera ndani?

Pa 1 Novembala 1755, nthawi ili cha m'ma 9:40 m'mawa, mzinda wa Lisbon ku Portugal unagwedezeka. Linali tsiku la Oyera Mtima Onse, matchalitchi ali thothotho, makandulo akuyaka. Madenga amiyala anagwera anthu ali chigwadire. Opulumuka anathamangira kudoko poti kunalibe nyumba zoti ziwagwere, koma patangopita mphindi pafupifupi 40 nyanja inakwera n'kuwakokolola. Zimene zinatsala anamaliza ndi moto, umene unayaka masiku angapo. Anthu zikwi makumi angapo anafa.

Mkangano wa chifukwa chimene Mulungu wachikondi amalolera zoterezi ndi wakalekale, koma pa Lisbon mpamene unakhala mmene timaudziwira lero. Wansembe wachiJesuit, Gabriel Malagrida, analemba mu 1756 kuti chivomerezicho chinali chilango cha machimo a mzindawo, ndipo chofunika chinali kulapa. Voltaire, mlembi wotchuka wa ku France, analemba ndakatulo yofunsa kuti makanda amene anafera pamabere a amayi awo anachimwa chiyani, komanso ngati Lisbon anali woipa kuposa London ndi Paris kumene anthu ankavinabe. Mlembi mnzake, Rousseau, anamuyankha Voltaire kuti si chilengedwe chimene chinaunjika nyumba 20,000 zosanjikizana kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri pamalo amodzi. Nayo nduna ya mfumu, imene inadzatchedwa Marquis wa Pombal, inatumiza mafunso kumaparishi: kugwedezeka kunatenga nthawi yaitali bwanji, nyanja inayamba ndi kuphwa kapena kukwera, madzi am'zitsime anasintha? Kenako anamanganso mzindawo ndi nyumba zokhala ndi chimango chamatabwa opingasa m'kati mwa khoma, kuti khoma likang'ambika nyumba isagwe yonse.

Mpaka lero aliyense wolowa mumkanganowu amakhala pampando wa mmodzi wa anthu anayiwa. Vuto ndi loti ambiri amasintha mpando mkangano uli m'kati osadziwa, ndiye amatha maola atatu akuyankha mafunso osiyana.

Mlandu weniweni uli ndi miyendo itatu. Mulungu ndi wamphamvuyonse. Mulungu ndi wabwino kotheratu. Mavuto oopsa alipo. Wosakhulupirira amati zitatuzi sizingaime pamodzi: ngati angathe kuletsa koma safuna, chikondi chili kuti, ngati akufuna koma sangathe, mphamvu ili kuti? Katswiri wa nzeru zakuya David Hume anaziika chonchi m'buku limene linatuluka mu 1779, ndipo katswiri wina, J. L. Mackie, anazinola mu 1955. Yankho limene okhulupirira amathamangira ndi ufulu wosankha, ndipo limagwira ntchito pa nkhondo, kuba ndi kupha, chifukwa pamenepo pali munthu amene anasankha. Koma thanthwe lapansi pa nyanja silisankha kanthu. Amene wayankha funso la chivomerezi ndi ufulu wa munthu popanda kuonjezapo china wayankha mlandu wa eni ake.

Komabe Rousseau anagwira mfundo imene manambala amaivomereza. Chivomerezi ndi chinthu china, imfa za anthu ndi chinthu chinanso. Pa 12 Januwale 2010 ku Haiti kunachitika chivomerezi cha mphamvu ya 7.0 pasikelo yoyezera zivomerezi. Anthu oposa 100,000 anafa, ndipo boma la dzikolo linati anapitirira 300,000. Patapita masabata asanu ndi limodzi okha, pa 27 Febuluwale, ku Chile kunachitika cha 8.8. Pasikelo imeneyi, kukwera nambala imodzi ndiye kuti mphamvu yachuluka maulendo pafupifupi 32, choncho cha ku Chile chinatulutsa mphamvu yoposa cha ku Haiti maulendo pafupifupi 500. Anafa anali 500 ndi owerengeka pamwamba. Tisabise kuti cha ku Haiti chinali chosazama, makilomita 13 okha pansi, ndiponso pafupi kwambiri ndi likulu la dzikolo, Port-au-Prince. Koma zimenezo zokha sizikwanira kufotokoza kusiyanako. Dziko la Chile linakumanapo ndi chivomerezi cha 9.5 mu 1960, chachikulu kuposa chilichonse chimene chinayezedwapo, ndipo lili ndi malamulo okhwima a kamangidwe amene amatsatidwa.

Aliyense wodziwa zomangamanga akaona zithunzi za nyumba zimene zinagwa amazindikira msanga chimene chinalakwika. Konkire yochepa simenti, yoti ukaifikisa ndi chala imanyenyeka. Mchenga wakunyanja wamchere, umene umachititsa dzimbiri zitsulo m'kati mwa mzati mpaka konkire kuphulika. Zitsulo zosalala m'malo mwa zamizeremizere, zimene zimasolokera kunja nyumba ikayamba kupendama. Timaringi tokulunga zitsulo zazitali mumzati titatalikirana kwambiri, kumapeto kwake atangokupinda madigiri 90 m'malo mwa 135, ndiye pogwedezeka timamasuka, mzati n'kufutukuka ngati dengu lothyoka. Pamwamba pa zonsezo, denga lolemera lakonkire. Chipinda chapansi chikakhala chamashopu, chopanda makoma okwanira, ndicho chimayamba kuphwanyika, zam'mwamba n'kutsikira pansi zonse pamodzi. Palibe chinsinsi chakumwamba pamenepa. Ndipo lamulo la pa Deuteronomo 22:8, loti womanga nyumba aike kampanda padenga kuti mlandu wa magazi usagwere nyumba yake munthu akagwa, limasonyeza kuti ngakhale Baibulo limaika imfa zina pamutu pa mmisiri ndi mwininyumba.

Zapanyanja nazonso n'chimodzimodzi. Tsunami (mafunde aakulu amene chivomerezi chapansi pa nyanja chimadzutsa) wa pa 26 Disembala 2004 anapha anthu pafupifupi 230,000 m'maiko 14. Pakatikati pa nyanja mafunde otere amathamanga makilomita pafupifupi 800 pa ola, komabe anatenga maola awiri kufika ku Sri Lanka ndi maola asanu ndi awiri kufika ku Somalia. Nthawi yothawira kumtunda inalipo. Chimene kunalibe ndi njira yochenjezera anthu, poti nyanja ya Pacific inali nayo kale koma Indian Ocean inalibe mpaka 2006. Pachilumba cha Simeulue ku Indonesia, chimene chinali pafupi kwambiri ndi pamene chivomerezi chinayambira, anafa asanu ndi awiri okha mwa anthu oposa 70,000, chifukwa kuyambira tsunami wa 1907 makolo ankaphunzitsa ana kuti nthaka ikagwedezeka nyanja n'kuphwa, usatole nsomba, thawira kuphiri. Ku Bangladesh namondwe wa Bhola mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, wa 1991 anapha pafupifupi 138,000, pomwe Sidr mu 2007 anapha osapitirira 5,000. Mphepo sinafatse ayi. Anamanga nyumba zothawirako zokwezedwa pamizati, naphunzitsa anthu ongodzipereka kuyenda ndi zimkuzamawu kuchenjeza anzawo.

Apa wokhulupirira amapuma mpweya wabwino n'kunena kuti, mwaonatu, ndi anthu. Asafulumire. Amene anaba simenti si amene denga linamugwera. Mwana amene anafa m'kalasi sanasainire pulani ya sukuluyo. Ku Banda Aceh, mzinda wa ku Indonesia, mafunde a 2004 aja anafika pasanathe theka la ola, ndipo ngakhale pakanakhala chenjezo, nkhalamba ndi makanda ambiri sakanafika patali. Anthu a ku Lisbon mu 1755 sakanadziwa za matanthwe oyenda pansi pa dziko, poti asayansi anadzagwirizana pa zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Mfundo ya Rousseau imachotsa gawo lalikulu la mitembo pamlanduwo, koma imasiya ina. Ndipo funso likhoza kungosuntha: Mulungu ankaona timaringi totalikiranato, bwanji sanagwire denga masekondi khumi kuti ana atuluke?

Yankho loti ndi chilango ndilo lofooka kuposa onse, koma ndilo limamveka msanga paguwa ndi pa intaneti. Njira yoliyesera ndi yapafupi: tengani mapu a zivomerezi muwaike pa mapu a uchimo, mmene mungaujambulire. Zivomerezi zazikulu zimatsata malire a matanthwe, makamaka mozungulira Pacific. Namondwe amabadwira panyanja yofunda madigiri 26 kapena 27 kupita m'mwamba, ndipo amabwera m'nyengo yake. Mumzinda umodzi womwewo, nyumba zapadothi lofewa ndi pamalo okwiriridwa zimagwa kwambiri kuposa zapathanthwe. Chilango chotani chimene chimasankha anthu potengera dothi? Komanso ngati ndi chilango, ndiye kuti zitsulo zabwino zimaletsa mkwiyo wa Mulungu, ndipo dziko lolemera ndi lolungama kuposa losauka. Palibe mlaliki angavomere zimenezo, koma ndiko kumene mfundo yake imakathera.

Yesu mwini anaikana. Pa Luka 13:4-5 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iye anati si iyeyo kapena makolo ake. Pa Mateyu 5:45 dzuwa ndi mvula zimafikira olungama ndi osalungama omwe. Wotsutsa wodziwa Baibulo akubwezerani ndi chigumula cha Nowa, Sodomu, ndi Amosi 3:6, ndipo ali ndi mfundo: mavesi amenewo alimo, sitingawafute. Koma taonani kayendedwe ka nkhanizo. Mawu amabwera tsoka lisanafike, chifukwa chake chimatchulidwa, njira yopulumukira imaperekedwa. Nineve anauzidwa masiku 40, analapa, ndipo palibe chinagwa. Amene amadikira madzi aphwe kenako n'kulengeza tchimo limene lawabweretsa akulosera zadzulo, ndipo tchimo limene amatchula limakhala lomwe ankadana nalo kale. M'Chisilamu namonso muli hadisi (mawu a Mneneri Muhammad) yodziwika imene imawerengera womira m'madzi ndi wogweredwa nyumba m'gulu la mashahidi (ofera m'njira ya Mulungu), osati la olangidwa.

Yankho lolimba kwambiri, m'kuona kwanga, ndi la malamulo a chilengedwe. Walira mvula walira matope. Matanthwe aakulu amene makontinenti akhalapo amayenda masentimita owerengeka pachaka, mofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Akakodana m'malire, mphamvu imaunjikana zaka mazana, ndipo tsiku lina imamasuka kamodzi. Koma kuyenda komweko ndiko kumakweza mapiri amene mitsinje imachokera, kumabwezera mchere wam'nthaka pamwamba, ndi kuzunguza kaboni pakati pa miyala, nyanja ndi mpweya, zimene pazaka mamiliyoni zimathandiza kuti dziko lisaume ndi chisanu kapena kupsa. Phulusa la mapiri ophulika limasanduka dothi lachonde, n'chifukwa chake anthu amadzadza pachilumba cha Java ku Indonesia ndi m'munsi mwa phiri la Vesuvius ku Italy. Madzi amene amapha ludzu ndi omwewo amene amamiza, ndipo sangakhale olemera potembenuza makina a magetsi n'kukhala opepuka pogunda khoma la nyumba. Dziko limene malamulo ake amasintha nthawi iliyonse munthu akakhala pangozi silingaphunzirike. Simungalime, simungamange mlatho, simungapange mankhwala, ndipo zochita zanu sizingakhale ndi zotsatira zenizeni.

Mfundoyi ili ndi mabowo awiri, ndipo wokhulupirira woona mtima ayenera kuwatchula yekha asanamutchulire. Loyamba: zonsezi n'zoona malinga ndi malamulo amene alipowa, koma amene anaika malamulowo ndani? Wamphamvuyonse sakanatha kupanga matanthwe oti aziyenda pang'onopang'ono osakodana? M'malo ena, monga chigawo chapakati cha mng'alu wa San Andreas ku California, thanthwe limatsetsereka mwakachetechete motero. Lachiwiri ndi lopweteka kwambiri: wokhulupirira yemweyo amalalikira za dziko latsopano lopanda imfa ndi kulira, lokhalamo anthu enieni. Ngati dziko lotero n'lotheka, bwanji osayambira pamenepo?

Pali bowo lachitatu limene timalikumba tokha. Wopulumuka akatuluka m'zigumukire n'kunena kuti Mulungu wandipulumutsa, palibe angamuletse kuyamika. Koma tikawasandutsa chiphunzitso mawu amenewo, tavomereza kuti Mulungu amalowererapo pa malamulo a chilengedwe akafuna, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ana ake atatu sanatuluke, ali ndi ufulu wofunsa kuti pakhomo pake anadutsapo bwanji. Simungagwiritse ntchito mfundo yoti Mulungu sasokoneza chilengedwe tsiku Lachiwiri, n'kuchitira umboni woti anachisokoneza chifukwa cha inu Lamlungu, osafotokoza kusiyana kwake.

Ena amati mavuto amaumba khalidwe. Maganizowa amachokera kwa Irenaeus, bishopu wa m'zaka za m'ma 100, ndipo John Hick anawakonzanso mu 1966: popanda ngozi sipangakhale kulimba mtima, popanda wosowa sipangakhale wopatsa. Zoonadi, pangozi pamaoneka anthu okumba ndi manja usiku wonse kufuna munthu amene sakumudziwa. Koma wophunzira ndi wotsala, wolipira ndi wakufa. Khanda la miyezi itatu laumbidwa khalidwe lanji? Ndipo sukulu imeneyi imagawa mayeso mokondera, osauka omwewo chaka ndi chaka. William Rowe mu 1979 anapereka chitsanzo chimene chimavutitsabe anthu: mphenzi yayatsa nkhalango, mwana wa gwape wapsa, wagona masiku angapo akumva ululu, kenako wafa, popanda munthu woona kapena wophunzirapo kanthu. Ululu umenewo wapindulira ndani?

Za kugwa kwa Adamu ndizinena mwachidule. Kuyambira kwa Augustine, mphunzitsi wa mpingo wakale, ambiri amaphunzitsa kuti chilengedwe chinaonongeka munthu atachimwa, ndipo amawerenga Aroma 8:22 pamene chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi pobereka. Wovomereza zimene miyala imasonyeza amakumana ndi vuto la nthawi, poti mapiri ankaphulika ndipo nyama zinkafa kalekale munthu asanakhaleko, ngati zinyama zikuluzikulu zija zotchedwa ma dinosaur zimene zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Kukankhira kwa Satana nakonso sikuchotsa mlandu. Pa Yobu 1:19 mphepo inagwetsera nyumba ana a Yobu onse, koma chaputala chomwecho chimanena poyera amene anapereka chilolezo.

Chotsala ndi kunena kuti nzeru zathu n'zochepa. Akatswiri ena, monga Stephen Wykstra mu 1984, anati kusaona chifukwa si umboni woti chifukwa palibe, monga mmene kusaona tizilombo toyambitsa matenda m'chipinda sikusonyeza kuti mulibe. Khanda lobayidwa katemera silingamvetse chimene mayi ake akuligwirira. Mfundoyi ndi yoona mbali yake, ndipo ndi yofanana ndi zimene Yobu anamva pa chaputala 38, pamene Mulungu sanafotokoze kanthu koma anamufunsa kumene anali poikidwa maziko a dziko. Koma ili ndi mtengo. Mayi uja amalinyamula khandalo, amalitonthoza, likakula amalifotokozera, pomwe ambiri ofedwa amati kumwamba kunangoti zii. Komanso mfundoyi mukaikoka kwambiri imakudyani nokha: ngati sitingadziwe konse chimene chili chabwino pamaso pa Mulungu, tidziwa bwanji kuti kupulumutsa womira sikusokoneza cholinga chake, ndipo tidziwa bwanji kuti iye ndi wabwino?

Wosakhulupirira nayenso amaphonya pena. Kunena kuti mavuto akutsimikizira kuti kulibe Mulungu n'kulumpha, chifukwa Alvin Plantinga mu 1974 anasonyeza kuti miyendo itatu ija ikhoza kuima pamodzi popanda kutsutsana kwenikweni, ndipo akatswiri ambiri a mbali zonse anasiya kukangana pa zimenezo. Mkangano wa lero ndi wa kulemera kwa umboni: kuchuluka ndi kagawidwe ka mavutowa kakufanana kwambiri ndi dziko loyang'aniridwa ndi wachikondi, kapena ndi dziko losasamala za munthu? Pamenepo wosakhulupirira ali ndi mfundo yamphamvu, ndipo wokhulupirira amayenera kubweretsa zifukwa zake zina zokhulupirira kuti aike mbali inayo ya sikelo. Kulakwa kwina ndi kuganiza kuti ovutikawo amaona zinthu ngati woonera pa TV. Kafukufuku wa ku New Zealand atachitika chivomerezi cha ku Christchurch mu 2011 anapeza kuti m'dera lokhudzidwalo opembedza anachuluka, pomwe m'dziko lonselo ankachepa. Izi sizitsimikizira kuti Mulungu alipo. Zimangosonyeza kuti amene ali m'zigumukire kawirikawiri safunsa funso lofanana ndi la amene ali kutali.

Ena anasankha kudula mwendo umodzi. Rabi Harold Kushner, mphunzitsi wachiyuda, mwana wake atamwalira ndi matenda okalambitsa msanga, analemba mu 1981 kuti angakonde kukhulupirira Mulungu wabwino amene sangathe kuletsa zonse kusiyana ndi wamphamvu amene amasankha kuti ana afe. N'zomveka, koma si Mulungu wa zikhulupiriro zakale za mpingo, ndipo pemphero lopempha chipulumutso limasintha tanthauzo. Akhristu ambiri amathawira pamtanda: Mulungu sanaonerere patali, analowa m'zowawa, nafuula mawu a Salimo 22 ofunsa chifukwa chimene wasiyidwira. Ichi n'chitonthozo chachikulu kwa wokhulupirira, koma tisachitche kulongosola. Dokotala wolira nawe limodzi uku mankhwala ali m'thumba akadali ndi funso loti ayankhe. Chikhristu chimayankha ndi lonjezo la kuuka kwa akufa, ndipo lonjezo limalandiridwa ndi chikhulupiriro, silitsimikizika pamtsutso.

Ndiye mukalowa mumkanganowu, yambani mwagwirizana kuti mukukamba za Mulungu uti ndi mphamvu yotani. Siyanitsani imfa zimene simenti, chenjezo ndi malo omangapo zikanaletsa, ndi zimene palibe munthu akanaletsa, kenako mukangane pa zotsalazo zokha. Musalole chitsanzo chikhale chophweka. Tengani chovuta kwambiri, khanda la ku Aceh kapena gwape wa Rowe, chifukwa yankho logwira pa wamkulu amene anapulumuka n'kulapa silinayesedwe. Ndipo muyambe mwaona amene wafunsayo. Mawu akuti "chifukwa chiyani" akatuluka pakamwa pa wophunzira ndi funso, akatuluka pakamwa pa wofedwa ndi kulira, ngati kwa mu Salimo 88 limene limatha muli mdima popanda yankho.

Anzake a Yobu atatu aja anafika n'kukhala naye pansi masiku asanu ndi awiri usana ndi usiku, osanena kanthu. Zinthu zinaonongeka Elifazi atatsegula pakamwa pa chaputala 4 n'kufunsa kuti ndani anaonongekapo ali wosalakwa. Kuyambira pamenepo anateteza Mulungu machaputala ambirimbiri, uku Yobu akutemberera tsiku limene anabadwa ndi kufuna kuti Mulungu abwere pabwalo la milandu. Pa Yobu 42:7-8 Mulungu anapsera mtima Elifazi ndi anzake awiriwo, nanena kuti sanalankhule zoona za iye monga anachitira Yobu. Anawalamula kubweretsa ng'ombe zamphongo zisanu ndi ziwiri ndi nkhosa zamphongo zisanu ndi ziwiri, kuti munthu amene ankamuimba mlandu uja awapempherere.